Mzere Umene Sunkatseguka

Mukatsika minibasi pa boma la Mwanza, n'kupitirira amayi ogulitsa manachesi m'mabeseni, mupeza kakhonde kopaka buluu wofwifwa, pamwamba atalembapo kuti amataipa makalata, kuchita fotokope ndi kukonza makadi a ukwati. Mukasuzumira, woyamba kumuona ndi mwini malo, a Timoti, bambo wa imvi mpaka m'makutu amene amakhala pakhomo penipeni ngati msilikali wa pa malire. Kuseri kwawo, pakona pamene pali kompyuta imodzi yokhayo, pamakhala Liness. Ambiri amatuluka osadziwa n'komwe kuti nkhope yake njotani. Koma iye yanu amaidziwa, pamodzi ndi nsapato zimene munavala tsiku lomwe munabwera koyamba.

Liness anabadwira kumapiri a kwa Kanduku, kumene mayi ake akulimabe mtedza mpaka lero. Sukulu anafika nayo Fomu 3. Chaka chimenecho anadziwana ndi Kinsley, mnyamata wothandizira dalaivala pa thiraki yopita ku Beira, ndipo posakhalitsa yunifolomu inayamba kuthina. Anakwatirana bwinobwino, ankhoswe n'kudziwana, iwo n'kupeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Kinsley si munthu woipa ayi. Kungoti panyumba amakhalapo masiku atatu pa milungu itatu iliyonse. Amabwera ndi buledi wa ku Zobue ndi timawu tiwiri titatu ta Chipwitikizi, asanazolowere n'komwe kuti ndowa imakhala pati, foni yalira, wapita.

Ntchito anaipeza ndi maso. Tsiku lina anapita kukachita fotokope chiphaso cha mwamuna wake, mwana ali kumbuyo. Podikira anaona khadi la ukwati patebulo, n'kunena chapansipansi kuti pa 14 mwezi umenewo silinali Loweruka, linali Lachisanu. A Timoti anayang'ana kalendala, anayang'ana khadi, anayang'ananso mtsikanayo. Makadi mazana awiri anali asanasindikizidwe.

"Iwe, umagwira kuti ntchito?"

"Sindigwira, bambo."

"Lolemba ubwere. Koma mwanayo ayi, pano pali mawaya."

Mawu oti "mwanayo ayi" ndiwo anamufikitsa pakhomo la a Mwanasha. Iwo amakhala tsidya lina la bwalo limene Liness amachita lendi, mayi wathupi wa mpango wakuda, amene amakazinga samusa zokagulitsa kwa madalaivala ku malire. Ali ndi kamwana kawo kotsiriza, Jamilah, wamkulupo pang'ono kuposa Miracle, mwana wa Liness uja. Sanafunse zambiri. Anati, "Amake Mira, mwana mmodzi kaya awiri, phokoso lake n'limodzi. Muzingomusiya." Kuyambira tsikulo ana awiri aja ankasewera pamkeka umodzi, kugona masana pamkeka womwewo, n'kumamwera kapu imodzi yapulasitiki yofiira. Liness ankathokoza powasendera anyezi Loweruka lililonse mpaka maso kutupa. Kunena zoona, ntchito yake yonse inatsamira pa mkeka umenewo. Popanda a Mwanasha kunalibe kwina kosiya mwana, kukanangotsala kumanga katundu n'kubwerera kwa Kanduku.

Miracle anagwa koyamba Lamlungu lina masana, ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Anali m'nyumba awiriwiri, chitseko chotseka chifukwa cha fumbi. Mwanayo anangouma thupi, maso n'kutembenuka, kenako manja ndi miyendo kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Liness sanakuwe. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake sanakuwe. Atagwanso patapita milungu itatu, kuchipatala anamuuza kuti ndi matenda akugwa, n'kumupatsa timapiritsi tomumwetsa tsiku ndi tsiku. Anaimbira Kinsley. Kumene kunali iyeyo kunkamveka injini ndi mphepo.

"Usauze munthu," anatero Kinsley. "Wamva? Ayamba kum'thawa mwana."

Zimenezo sankafunika kuchita kuuzidwa. Kwa Kanduku anaphunzira ndi Rozina, mtsikana amene ankagwa. Anthu ankati thovu lake likakukhudza nawenso uyamba. Akagwa m'kalasi, ana ankatuluka chodumpha madesiki, iye n'kutsala yekha akudzimenyetsa pasimenti. Kwawo anali ndi mbale yakeyake, ndi kapu yomangidwa kansalu pachogwirira kuti wina asalakwitse n'kumwera. Liness nayenso ankathawa nawo. Amakumbuka bwino lomwe kuti pothawapo ankakhala patsogolo.

Choncho piritsi ankamumwetsa Miracle m'mamawa chitseko chisanatsegulidwe, n'kum'pukuta pakamwa, n'kukam'pereka kwa a Mwanasha ngati mwana wina aliyense. Tsiku lonse foni inkakhala pafupi ndi kiyibodi, itayang'ana m'mwamba. Mantha anafika poti sankawamvanso ngati mantha. Anali ngati dzanja limene waligonera: ukuliona kuti ndi lako, ukugwira nalo zinthu, koma dzanzi lokhalokha.

M'mwezi wa Meyi kunabwera a Esime, namwino wopuma ntchito, atanyamula kope lolembedwa pamanja. Iwo ndi amayi anzawo a gulu lina la konkuno ankafuna kabuku kophunzitsa chochita mwana akadwala mwadzidzidzi panyumba: akapsa ndi moto, akamwa parafini, akatsamwidwa, akalumidwa ndi njoka, ndi zina, mitu yonse khumi. Sankafuna kapepala kokha. Ankafuna koti kaziyenda pa foni.

"Mayi mwana akum'lefukira m'manja sangakhale pansi n'kumavundukula masamba," anatero. "Ndikufuna patsamba la zamkatimu, munthu akadina mzere ndi chala, tsamba lake lizibwera lokha. N'zotheka?"

A Timoti anati n'zotheka kwambiri, kenako n'kutembenukira kwa Liness kuti aone ngati n'zoonadi.

N'zothekadi, ndipo sizovuta. Mu pulogalamu yokonzera mabuku, mutu uliwonse umafunika kuupatsa chizindikiro chouza kompyuta kuti uwu ndi mutu, si mawu wamba. Ukatero, kompyuta imatolera yokha mitu yonse n'kuindandalika patsamba la zamkatimu, ndipo mzere uliwonse imaumangirira ku tsamba lake ndi kachingwe kosaoneka kamene amati linki. Liness anachita zimenezo pa mitu isanu ndi inayi.

Mutu wachisanu ndi chiwiri, wonena za mwana akagwa n'kumaphupha, sanautaipe iye. Tsikulo anali pamzere kuchipatala kukatenga mapiritsi a Miracle, atanama kuti mwana ali ndi chimfine. A Timoti, poona kuti ntchito yaima, anakhala okha pa kompyuta. Bambowa anataipa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa makina akale aja, kwa maejenti a katundu ku malire, ndipo mpaka lero mabatani amawamenya ndi zala ziwiri ngati akukhoma misomali. Mutu anaukonza monga ankachitira kale: zilembo zikuluzikulu, zodetsa, mzere kunsi, n'kuukankhira pakati powerenga mipata umodziumodzi. M'maso unkaoneka mutu kuposa mitu yonse. Koma kwa kompyuta anali mawu wamba. Mawa lake Liness atailamula kutolera zamkatimu, inaudumpha, kuchoka pa sikisi n'kufikira pa eyiti. Iye atatuluka kukagula mapepala, a Timoti anaona mpatawo ndipo sanavutike nawo mtima. Anataipa mzerewo pamanja, anadontheza timadontho mpaka kumapeto, n'kulemba 31. Patapita masiku a Esime anabweretsa zithunzi zoti zilowe m'mitu yoyambirira, masamba n'kusuntha. Manambala ena onse anasintha okha. Ya a Timoti inakhalabe 31.

Liness anauona mzerewo. Akanalephera bwanji, munthu woti anaona Lachisanu pa khadi la eni ake? Timadontho take tinali tothithikana kusiyana ndi tinzake, ndipo nambala inalowa mkati pang'ono ngati dzino lokhota. Anaikapo mausi, kadzanja kaja kosonyeza kuti pali linki sikanatuluke. Kukonza kwake kunali kwa mphindi zitatu basi. Koma kompyuta ili paphewa penipeni pa a Timoti. Kunafunika kutsegula mutu umenewo iwo akuona, kuwauza kuti analakwitsa, n'kukhala ndi mawu aja pasikirini nkhope ili gwa, osaonetsa kanthu. Anati akonza Lachisanu. Lachisanu kunadzaza makadi. Lolemba a Esime anabwera kudzatenga, kabuku n'kuyamba kuyenda m'mafoni a amayi.

Payekha mutuwo ankaudziwa pamtima. Anatola masamba olakwika m'bini n'kumakawerenga kunyumba mpaka anang'ambika mopinda. Ndipo anachita chinthu chimodzi chimene ankachiyesa nzeru: anatumiza kabukuko pa foni ya a Mwanasha.

"N'chiyaninso ichi, amake Mira?"

"Kabuku ka ana, achemwali. Tikutumizira amayi onse. Mukangodina pamzere, kamatseguka."

A Mwanasha anapukuta chala pachitenje, anadina pamene analemba za mwana akapsa ndi moto, tsamba n'kubwera. Anaseka. "Ee! Ndiye mwafikapotu ndi matsenga anuwa." Liness anaima pompo, akuona chala chija chikuyendayenda pamwamba pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Kenako mafuta anathetheka m'chiwaya, foni n'kulowa m'thumba.

Linali Lachitatu la mu Julayi, kunja kuli kamphepo kozizira. Cha m'ma leveni, Liness akutaipa kalata ya munthu wopempha malo kumsika, foni inawala. Anali a Mwanasha.

"Amake Mira! Ndikudina sikutseguka! Mira wagwa, akuphupha, ndikudina, ndikudina, sikutseguka!"

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka Jamilah akulira.

"Mugonekeni cham'mbali," anatero Liness. Mawu ake anatuluka osalala ngati akuwerengera munthu kalata. "Chotsani zimene zili pafupi. Musam'panikize. Musamuike kanthu m'kamwa."

A Mwanasha anatsitsa mawu.

"Supuni ndamuika kale. Ndimaopa aluma lilime. Ndinapita pa 31 pajapo, pali za njoka, amake Mira. Kukamwa kuli magazi."

Liness anasunga kalata ya munthu uja mu kompyuta, poti dzanja linazolowera kusunga chilichonse asanaimirire. Anauza a Timoti kuti akubwera. Sanathamange mpaka atadutsa amayi a manachesi.

Anapeza zatha. Miracle anali gone pamkeka cham'mbali, diresi litanyowa, akupuma mokoka ngati munthu wamkulu woledzera tulo. Mlomo wam'mwamba unali utang'ambika. Pafupi ndi supuni panali kachidutswa koyera, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo Liness anakayang'ana nthawi yaitali asanazindikire kuti ndi dzino. A Mwanasha anali chapatali, atawerama pabeseni, akusamba m'manja ndi sopo. Anatsuka, anapakanso sopo, anatsukanso. Jamilah anali atam'tsekera m'nyumba, akulirira pazenera.

"N'koyamba?" anafunsa a Mwanasha, maso ali m'beseni.

"Ayi."

"Kangati?"

"Kachitatu."

Liness anatola kadzino kaja n'kukamangirira pakona ya chitenje, osadziwa kuti akatani nako. Anabereka mwana n'kukakwera kabaza.

Kuchipatala anasoka mlomo, anamuika Miracle pasikelo, n'kunena kuti wakula, mankhwala akufunika kuonjezera pang'ono. Anawagoneka masiku awiri. Foni ya Kinsley sinkalowa. Liness ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kumawerenga matailosi a pakhoma. Amayi a pabedi loyandikana anamufunsa ngati wadya, iye anati eya, ndipo pambuyo pake anayesa kukumbukira ngati zinali zoona. A Mwanasha sanabwere. Sanaimbenso.

Lachisanu m'mawa atawatulutsa, sanapite kunyumba. Analunjika ku kakhonde kabuluu kaja, mwana ali kumbuyo.

"Iwe Liness, pano pali mawa…" anayamba a Timoti, koma ataona mlomo wotupa uja anameza mawu otsalawo. Anachotsa mapepala pampando wa makasitomala. "M'khazike apa."

Liness anayatsa kompyuta, anatsegula kabuku kaja monga mmene kanapitira m'mafoni, n'kufika patsamba la zamkatimu.

"Bambo, tabwerani. Dinani apa."

Anadina, tsamba la parafini linabwera. Liness anabwerera.

"Apanso."

Anadina pa nambala seveni. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu, tebulo mpaka kugwedezeka.

"Mausi yatha iyi. Ndakhala ndikunena."

"Si mausi, bambo. Mzerewu munataipa pamanja. Sunamangidwe ku tsamba lililonse. Nambalanso yake ndi yakale."

Anatsegula fayilo yeniyeni n'kuwaonetsa mutu wawo uja, uli chiimire pakati pa tsamba ndi mzere wake kunsi.

"Ndiye walakwa chiyani? Taona mmene waimira. Ine mitu yotere ndataipa iwe usanabadwe. Akuluakulu a kasitomu ankachita kufunsa kuti wataipa ndani."

"Waima bwino. Koma makinawa sakuudziwa kuti ndi mutu."

"Zilembo zazikulu chonchi osaziona? Ndiye makina anuwa ndi mbuli. Anga aja analibe magetsi koma sanandichititsepo manyazi."

Tsiku lina Liness akanamwetulira. Anati, "Lachitatu lija a Mwanasha amadina pamenepa. Mwana ali pansi."

A Timoti anayang'ana sikirini, anawerenga mutuwo milomo ikugwedera, kenako anatembenuka n'kuyang'ana Miracle, amene ankaseweretsa kachidindo kouma ndi dzanja limodzi.

"Amagwa?"

"Eya."

Aka kanali koyamba kuvomera zimenezi kuntchito. Anadikira kuti amve kanthu m'chifuwa, kaya manyazi kaya mpumulo. Munalibe kanthu. Ankangomva fotokope ikulira yokha potenthetsa.

"Mzerewu unauona liti?"

"Mu Meyi."

A Timoti anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Sanakalipe. Anakoka mpando wawo n'kukhala pambali pake, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Konza. Pang'onopang'ono, ndione."

Liness anayamba ndi mutu. Anafufuta mipata imene anaukankhira nayo pakati. Inalipo makumi awiri ndi itatu, anaiwerenga. Anachotsa mzere wa kunsi. Anasankha mawu onse a mutuwo n'kuwapatsa chizindikiro chija, zilembo n'kufanana ndi za mitu inzake. Kenako anakwera patsamba la zamkatimu, anadetsa mzere wa a Timoti kuyambira pa nambala seveni mpaka pa 31, n'kuufufuta. Timadontho tonse tinazimiririka kamodzi.

"Timadontho timeneto ndinadontheza timodzitimodzi," anatero a Timoti, osati modandaula kwenikweni.

Analamula kompyuta kutoleranso mitu. Tsamba linaphethira, mzere wachisanu ndi chiwiri n'kubwera wokha, wowongoka ngati anzake, kumapeto kuli 35. Popanga kabuku ka pa foni anaonetsetsa kuti kabokosi kosunga malinki n'kochonga. Anatumiza pa foni yake. Anadina mzere woyamba, anabwerera, wachiwiri, anabwerera, mpaka wakhumi. Atamaliza anayambiranso. Pa seveni tsamba linkabwera msangamsanga, chithunzi cha mwana wogona cham'mbali chili pamwamba.

"Tumizanso pa yangayi."

A Timoti anadina ndi chala chawo chokhomera misomali chija. Linabwera. Anakhala akuliyang'ana, kenako anafufuza nambala n'kuika foni kukhutu.

"Mayi Esime? Ndi Timoti wa makadi. Pepani, kabuku kaja ndinalakwitsa pena, ineyo ndi dzanja langa. Tikutumizirani katsopano pompano. Muwauze amayi onse afufute kakale kaja. Onse, mayi. Lero lomwe."

Atadula anayang'ana pansi pa tebulo pamene mawaya anapiringizana ndi mapulagi.

"Lero akhale pompano mpaka uweruke. Koma Lolemba, mwana wanga, ukuona wekha. Atati wagwera apa?"

"Ndikuona, bambo."

Ndipo ankaonadi. Sikunali kuuma mtima. M'kachipindamo mulibe ngakhale malo oti mwana agone cham'mbali.

Anafika kubwalo dzuwa litapendeka. A Mwanasha anali pambaula, akupinda samusa za madzulo. Mkeka unali woyala, koma Jamilah anali atakhala pakhomo la nyumba, ngati munthu wouzidwa kuti asasunthe. Liness anaima pamene pamathera mthunzi.

"Odi, achemwali."

"Fikani." Sanadzutse mutu. Anapinda samusa ina, anaimata, anaiika pathireyi. "Ali bwanji?"

"Asoka. Akuti dzino lidzamera lina, linali la mkaka."

"Ndalithyola ndine limenelo. Ndikati nditseke maso ndikumalimva likuti khe pasupuni." Anapukuta manja. Tsopano anamuyang'ana. "Amake Mira, inu mwandisiyira mwana miyezi yonseyi ngati mukundisiyira thumba la chimanga. Mukudziwa. Loweruka n'kumabwera kudzandisendera anyezi, tikuseka, mukudziwa."

"Ndimaopa kuti mukana."

"Mwina ndikanakanadi. Koma ndikanakana ndikudziwa chimene ndikukana. N'kunditumizira kabuku kosatseguka! Ine ndikudina ngati wamisala, mwana wa eni ake akuphupha pamapazi panga."

"Linali vuto la kuntchito kwathu. Ndinaliona, sindinakonze. Lero ndakonza." Anatambasula dzanja, foni ili momwemo. "Ndatumizanso pa yanu. Kakale kaja mufufute."

A Mwanasha anayang'ana foniyo kanthawi asanailandire. Anapeza nambala seveni, anadina kamodzi, tsamba n'kubwera. Anakokera mpango kumbuyo pang'ono n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Anawerenga zom'goneka cham'mbali. Anawerenga zosamuika supuni, chala kapena nsalu m'kamwa, ndipo pamenepo anaima n'kuyang'ana mlomo wa Miracle. Anawerenga zoyang'ana nthawi, kuti zikapitirira mphindi zisanu athamangire naye kuchipatala. Kumapeto kunali mawu akuti matendawa sapatsirana, kaya ndi thovu, kaya malovu, kaya kudyera mbale imodzi. Amenewo anawawerenga kawiri.

"Analemba ndani zimenezi?"

"A Esime, anamwino aja."

"Hmm."

Anabweza foni. Anaponya samusa zinayi m'mafuta, anazitembenuza, anazivuula. Liness anaima pomwepo, Miracle akulemera kumsana. Ankaganiza za thumba lalikulu lamizeremizere limene lili pansi pa bedi, ngati ziwiya ndi zovala zingakwanemo zonse, ndiponso kuti galimoto zopita kwa Kanduku zimapezeka bwino tsiku liti. Ankaganiza zimenezi mwabata, ngati akukonzera ulendo munthu wina.

A Mwanasha anaimirira n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kapu yobiriwira ndi chitenje chakale. Analuma m'mphepete mwa chitenjecho, anang'amba kansalu, n'kukamanga pachogwirira cha kapu, mfundo ziwiri.

"Lolemba mubwere naye. Mapiritsi ake ndiwaone ndi maso anga, ndidziwe kuti amamwa nthawi yanji. Foni yanu isamazime." Anatunga madzi mu ndowa. "Iyi ndi yake. Yofiira ija ndi ya Jamilah."

Liness anayang'ana kansaluko. Kanali kachikasu, ka maluwa ofwifwa, nsonga zake zitaloza uku ndi uku. Ya Rozina inali ndi kofiira. Mawu amene a Mwanasha anali atangowerenga kawiri anali akadali pasikirini, m'dzanja lake momwemo. Anazimitsa foni n'kuiika m'thumba.

"Zikomo, achemwali."

Anamasula Miracle n'kum'khazika pamkeka. Mwanayo analandira kapu ndi manja awiri, anaseweretsa kansalu kaja, kenako anapendeketsa mutu n'kumwera mbali imene sanasoke. Jamilah anasendera pang'ono kuchoka pakhomo, anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana m'chiwaya, iye n'kusenderanso mpaka m'mphepete mwa mkeka.

Silinali Loweruka, koma dengu la anyezi linali pompo. Liness anakhala pansi, anatenga mpeni n'kuyamba kusenda.

Kakhonde kabuluu kaja kalipobe, ndipo Liness mukam'peza pakona pake. Ntchito yanu ikakhala ya zamkatimu, mudzadikira pang'ono kuposa mmene mumayembekezera. Sakupatsani asanadine mzere uliwonse ndi chala chake, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako n'kuyambiranso. A Timoti amawauza makasitomala osapirira kuti akhale pansi. Foni imakhalabe pafupi ndi kiyibodi, itayang'ana m'mwamba. Kansalu ka pakapu kanatha n'kuchapa, a Mwanasha anamangapo kena.